Maere a Ulendo wa ku Belgium

Lolemba, 22 Okutobala 2007

Apita. Ndege ya masana. Ine ku bwalo la ndege sindinapite, ndinati mutu ukuwawa. Mutu wake uti, mtima.

Che Mwamadi, amuna anga, m'chijasi cha pa kaunjika chofika m'maondo, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Thukuta lokhalokha. Zulaikha, mkazi mnzanga, pa nsapato za gogoda zimene sadziwa kuyendera. Anadzera kuno ku Kawale kudzatsanzika, takisi ikulira panja. Zulaikha anagwada bwinobwino, ati, "Akulu, tsalani ndi ana." Nanga ndikanatsala ndi chiyani, mbuzi?

Ndilembe mmene zinayendera, tsiku lina ndingadzadzinamize.

Kalata inachokera kwa mayi Marleen, mzungu uja anabwera chaka chatha kudzaona mbaula zathu. Anafika mpaka pakhomo pano, anaona uvuni wanga, anadya mpunga wanga n'kuwonjezera. Kwawo ndi ku Belgium, kamudzi kakang'ono pafupi ndi Brussels, likulu lawo. Dzina la kamudziko lilime langa likukana. Amayi a kumeneko ali ndi gulu, amagula mbaula kwa ife n'kumagawa m'midzi ya kuno. Ati bwerani milungu iwiri, inu ndi akazi anu, anthu adzakuoneni. Papepala la viza mzere wa mkazi ndi umodzi. Ife tilipo awiri.

A Shehe anati pa ulendo mwamuna wa mitala sasankha yekha, amachita maere. Tinachitira pabalaza pano, mu Ogasiti. Timapepala tiwiri topinda m'chisoti cha Che Mwamadi. Ati wamkulu ndiye atole. Ndinatola ndi dzanja langali. Zulaikha. Ndinati Alhamdulillah, koma pakamwa pokha.

Malata a mbaula amakhoma iwo ku Biwi, sindikana. Nanga dongo la mkati, lija limasunga moto makala osatha msanga, amaumba ndani? Amakalikumba ku Njewa ndani? Amawotcha ndani mpaka nsidze kupserera? Zulaikha yake ndi kukhala pa shedi, kumwetulira makasitomala. Zala zosalala ngati za mwana wa sukulu.

Basi. Anasankha ndi Mulungu. Ndikhale chete.

Lachitatu, 24 Okutobala

Aimba foni. Mphindi zinayi, zitatu za iwo, imodzi yanga.

Ati afika bwino. Kukuzizira ngati Juni wa ku Dedza, kuwirikiza kawiri. Mudzi wa ziii. Msewu umodzi wa miyala, tchalitchi pakati, nyumba za njerwa zofiira, mawindo otsekedwa ndi zitsulo zotsitsa dzuwa lisanalowe. Munthu panja osaoneka. Mwana wolira ayi, wailesi ayi, ngakhale galu amauwa kamodzi n'kuchita manyazi. Phokoso ndi belu la tchalitchi ndi ndege zopita ku Brussels basi. Buledi ati amagula pa khoma, uponya ndalama m'kabowo, kachitseko n'kutseguka. Ng'ombe za matako ngati a munthu wonyamula zitsulo.

Ati Zulaikha tulo sakupeza, chete akumuopsa. Analira dzulo, ati akumva mtima wake ukugunda.

Analira! Asa. Apatseni ine cheteyo muone ngati ndingalire. Zaka makumi awiri ndi zitatu pano pa Kawale, chigayo kuseri kwa nyumba, bala la a Peterson kutsogolo, oitanira minibasi kuyambira mbandakucha, nyundo za ku Biwi m'makutu ngakhale kulibe nyundo. Sindikumbuka tsiku limene ndinamvapo mtima wanga ukugunda. Mulungu amapatsa nyama wopanda mano, zoona.

Mphindi yanga anafunsa ngati ndawotcha madongo makumi atatu aja. Ndinati eya. Kuti uli bwanji iweyo, foni inaduka isanafike pamenepo.

Madzi anasiya dzulo masana. Mpaka pano mpopi ukungotulutsa mphepo.

Lachinayi, 25 Okutobala

Kutentha. Nyenje kulira tsiku lonse mu mtengo wa mango. Madongo awiri ang'aluka mu uvuni.

Ndadzipeza ndikuganiza za bedi. Kaya anawapatsa limodzi kaya awiri. Limodzi, ndikudziwa. Bulangete lokhuthala, kunja kukuzizira, chete, palibe mwana wogogoda. Milungu iwiri yathunthu. Ine chikwatiwire sindinagonepo nawo masiku anayi otsatizana popanda wina kudwala kapena kulira.

Astaghfirullah. Ndikatunge madzi kwa anyaGondwe, oyandikana nafe.

Loweruka, 27 Okutobala

Foni yachiwiri. Lero kuseka kokhakokha.

Ati dzulo mmawa mayi Marleen anawabwereka njinga ziwiri kuti azungulire mudzi. Angotuluka pa geti, nthambi za mitengo m'mbali mwa msewu, zomangidwa bwinobwino. Che Mwamadi tsikeni pa njinga, monga tichitira kuno tikaona masamba pamsewu. Maliro. Zulaikha naye tsikeni, mangeni chitenje pamwamba pa jasi. Kukankha njinga mwakachetechete. Nyumba yachiwiri, nthambi. Yachitatu, nthambi. Msewu wonse mpaka ku tchalitchi. Ati anayang'anana n'kunena kuti ndiye chifukwa chake mudzi uno uli chete, anthu atha. Anabwerera wapansi, mitu pansi, kukapepesa kwa mayi Marleen ndi kufunsa kuti ndi mliri wanji.

Kulibe maliro. Linali tsiku limene lole imadutsa kutola nthambi zimene anthu asadza m'mipanda yawo. Ati mayi Marleen anaseka mpaka kukhala pansi pa khitchini, kenako kuimbira anzawo onse.

Akufotokoza choncho, kumbuyo ndikumva Zulaikha, kikiki, ati, "Muwauzenso za agogo aja munawapatsa pepani." Iwo n'kuphulikanso.

Ndinaseka nawo. Nkhaniyo ndi yoseketsa, ndisaname. Koma nditadula foni, ndinapita kukakanya dongo. Nsapato sindikuzilira. Ndege sindikuilira. Chikundipweteka ndi ichi: tsopano ali ndi nkhani yawoyawo. Adzakalamba nayo. Akadzaona masamba pamsewu wa kwa Zulaikha ku Area 23 azidzagwirana m'nthiti. Ine ndidzakhala womvera, wofunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani.

Ife nkhani yathu ndi iti? Chaka cha njala, kugona pa mzere wa chimanga, iwo kundifunditsa shati yawo. Imeneyo saikamba pagulu. Siseketsa.

AnyaGondwe, aphunzitsi a nyumba yoyandikana nayo, anandipeza ndikukanya dongo ngati ndikumenya munthu. Ati, "Amama, dongolo lakulakwirani chiyani?" Ndinati lili ndi miyala.

Lolemba, 29 Okutobala

Izi ndilemba basi.

Mphemvu zachuluka kuseri kwa chitseko. Ndinati ndiyanike zovala zawo padzuwa. Jekete yakale yabulauni ija, imene anavala tsiku la maere. Ndinapisa m'matumba monga ndichitira nthawi zonse. Chotokosera m'mano. Msomali. Kapepala kopinda kanayi.

Zulaikha.

Kanga kaja, kamene ndinatola ine, ndinakasunga m'chitini cha ulusi, kaya chifukwa chiyani. Ndinakatulutsa. Ndinatiyika pamodzi patebulo. Pepala limodzi long'ambidwa pakati, m'mphepete mukulumikizana bwinobwino. Bolopeni imodzi. Dzanja limodzi. Dzina limodzi.

Langa m'chisoti munalibe.

Mayo ine. Ndiye kunditcha wamkulu, wamkulu atole! Kundigwiritsa dzanja langa lomwe kuti ndidzichotse ndekha. Kunditchulitsa dzina la Mulungu pa bodza. Ine n'kumadzidzudzula miyezi iwiri, kuti Mwanabibi nsanje ndi tchimo, wasankha ndi Mwini zonse, ukulimbana ndi ndani. Kani ndi Mwamadi. Mwamadi mwana wa Che Kasimu, amene ndinamupeza ndi buluku limodzi ndi nyundo yobwereka.

Ngakhale kubisa sadziwa. Munthu wanzeru akanataya m'chimbudzi.

Ndinakhala pansi pa simenti mpaka ana kubwera ku sukulu. Sindinaphike. Anadya mbatata za dzulo.

Lachiwiri, 30 Okutobala

Foni inalira kawiri. Nambala yaitali ija. Sindinayankhe.

Ndadziyang'ana pa galasi nthawi yaitali. Dzino la kutsogolo lothyoka. Zikhatho ngati khungwa la mtengo. Chingerezi changa cha Sitandade 5, yes, no, thank you. Mwina ndi zimenezo. Anaona kuti ndikawachititsa manyazi pa tebulo la azungu, sindidziwa foloko. Akanangonena. Ndikanalira tsiku limodzi n'kupukuta maso.

Kodi Zulaikha ankadziwa? Tsiku lija anaphimba kumaso ndi mpango, ati, "Akulu, pepani." Ndimayesa manyazi. Mwina kunali kubisa mano.

Mitambo yakuda cha ku Kanengo, koma mvula ayi.

Lachisanu, 2 Novembala

Ndayankha. Za timapepala sindinatchule, zimenezo ndi za maso ndi maso.

Ati dzulo ndiye anaona anthu a m'mudzi muja kwa nthawi yoyamba, onse pamodzi. Kuti? Ku manda. Linali tsiku lawo lokumbukira akufa, sukulu ndi maofesi kutseka. Aliyense ndi ndowa ndi burashi, kukwecha miyala ya pamanda ngati mbale. Maluwa a m'miphika, achikasu ndi oyera, manda onse mbuu. Amayi, ana, palibe wopempha chilolezo kwa wina, palibe woopa. Kucheza pakati pa mitumbira ngati pa msika.

Mayi Marleen anawatengera pa manda a amuna awo. Mwala umodzi waukulu, mayina awiri. La malemu, ndi la mayi Marleen amene, ali moyo, ataima pomwepo ndi burashi. Chaka chobadwa chalembedwa, chinacho malo angosiyidwa. Ati kumeneko mwamuna ndi mkazi amagona dzenje limodzi. Che Mwamadi akunena zimenezi mawu atafewa, ati, "Mwanabibi, zinandikhudza."

Zinawakhudza. Ataima ndi ndani pambali?

Dziko la zinthu ziwiriziwiri. Mzere umodzi papepala, malo amodzi pa mwala. Wachitatu ngakhale kumanda alibe pogona. Ife Asilamu aliyense dzenje lake, ndipo ndi bwino choncho. Komabe ndinafuna kufunsa kuti akanakhala ife, mukanalemba ndani. Sindinafunse. Yankho lili m'chitini cha ulusi.

Ndasesa nyumba yonse. Ndachapa makatani. Kupusa kwanga, ndagulanso hina wopaka m'manja.

Lamulungu, 4 Novembala

Abwera. Anenepa onse awiri, masaya phwii.

Anakhala pano maola awiri. Ana kulumphalumpha, chokoleti mpaka m'makutu. Zithunzi envulopu yodzaza, anatsukitsa komweko. Ndaziona zonse, chimodzichimodzi, ngati munthu wotokosa chilonda.

Msewu wa miyala uja, woyera ngati wokolopa. Awiriwo pa njinga. Awiriwo pa tebulo lalitali mu holo ya mudzi, azungu okalamba akuwomba m'manja. Mbaula pa tebulo la nsalu yoyera, ngati keke ya ukwati. Ndipo ichi: Zulaikha atanyamula dongo la mkati m'manja awiri, akuonetsa anthu. Ndalizindikira. Lili ndi chidindo cha chala changa chachikulu m'mphepete, pamene ndimagwira potembenuza. Chala changa chafika ku Belgium, mwini wake ali pa Kawale.

Zulaikha wabwera ndi kayankhulidwe. Chilichonse ati kujaku. Kujaku basi imafika pa mphindi yake. Kujaku moni ndi kupsompsonana patsaya katatu. Ndinati katatu ndi ndani? Ati ndi aliyense, ngakhale abambo. Ndinayang'ana Che Mwamadi. Anayang'ana kudenga.

Ndimayesa agona kuno. Milungu iwiri wakhala nawo yekha. Ayi. Ati a Shehe ananena kuti masiku a ulendo wa maere sabwezedwa, kusinthana nyumba kumapitirira pamene kunalekera, ndiye ku Area 23 kwatsala masiku awiri. Kuno Lachiwiri. Malamulo amawadziwa bwino akakhala owakomera.

Potuluka Che Mwamadi anandipatsa phukusi lochokera kwa mayi Marleen. Analipereka mothamanga, osandiyang'ana. Sikafu ya ubweya, yobiriwira, yofewa. Yokongola, ndisaname. Mkati mwa sikafu munali envulopu yomata. Ndikuganiza kuti sanadziwe kuti ilimo.

Lolemba, 5 Novembala

Ndinapita nayo kwa anyaGondwe ataweruka ku sukulu. Khadi la chithunzi cha tchalitchi chija, kuseri kolembedwa ndi dzanja. Anavala magalasi, anayamba kuwerenga mokweza, n'kuima. Ati, "Amama, mwina alakwitsa munthu." Ndinati werengani zonse, musasiye ngakhale kadontho.

Ndilemba monga anamasulira.

Kwa Mwanabibi, mlongo wake wa Mwamadi. Sindinaiwale mpunga wanu. Mchimwene wanu amakunyadirani kwambiri. Watiuza mmene akukusungirani inu ndi ana anu asanu chichokere amuna anu. Muli ndi mwayi kukhala ndi mlongo wotere. Chaka chamawa ndikadzabwera ndidzakuchezeraninso.

Mlongo wake. Chichokere amuna anga.

Ndakumbuka tsopano. Tsiku lija chaka chatha, mayi Marleen anayambira ku shedi ku Biwi, anapeza Zulaikha, anauzidwa kuti uyu ndi mkazi wanga. Masana anabwera nawo kuno. Che Mwamadi anandiloza, anayankhula Chingerezi chachitali, mzungu anandigwira dzanja ndi maso achisoni. Ine n'kugwada, n'kumwetulira, n'kunena kuti yes. Yes! Ndinavomera ndekha pakhomo panga.

Ndiye si dzino. Si foloko. M'chisoti dzina langa silikanalowa, chifukwa kumeneko ine si mkazi wa munthu. Ndine mtolo umene Che Mwamadi, munthu wachifundo, akusenza. Raisa, Idrissa, onse asanu, ana a bambo wothawa. Azungu n'kumawomba m'manja.

AnyaGondwe anandipatsa madzi. Ati mwina anaopa kuti azungu akamva za mitala asiya kugula. Ndikudziwa, mwina ndi zoona. Nanga bwanji sananene kuti mlongo ndi winayo? Anabwera dzana lomweli. Ine ndinalipo mbaula isanakhale ndi dzina.

Ndinkachitira Zulaikha nsanje ya ndege ndi bulangete. Kani watenga ndi mzere womwe, kalekale, ine ndikumuphikira mlendo wake.

Sindinalire kwa eni ake. Ndinalirira kuseri kwa uvuni.

Lachiwiri, 6 Novembala

Tsiku langa.

Mmawa ndinapita ku msika. Chambo chouma chachikulu, chimene amakonda. Loko watsopano wa chitseko.

Ndinatulutsa zawo zonse ku chipinda. Mikanjo, malezala, mkeka wa swala, wailesi yaing'ono, jekete yabulauni. Ndinapinda bwinobwino, osati mwaukali. Ndinaika pa mpando pabalaza. Matiresi a alendo pansi, bulangete loyera, pilo. Pamwamba pa pilo timapepala tiwiri ndi khadi.

Anafika itangotha swala ya Asiri, dzuwa litapendeka, kachikwama m'manja, akuimba kamluzu. Ndinawalandira chikwama. Ndinagwada patali, pafupi ndi khomo la kukhitchini, monga ndigwadira abale anga a ku Mangochi akabwera. Ndinati takulandirani achimwene, mwayenda bwanji, alamu ali bwanji ku Area 23.

Anaseka. Kenako anaona pilo. Kuseka kunathera pomwepo.

Anayankhula zambiri. Kuti kujaku mitala ndi mlandu. Kuti maoda akanatha, ana akanadya chiyani. Kuti anachitira ife tonse. Mawu amene ndawasunga ndi awa: "Anali mawu chabe a Chingerezi, Mwanabibi, kuno sawerengedwa." Ndinati Mulungu Chingerezi amamva. Ndinatinso mukafunse a Shehe anu za mwamuna amene watcha mkazi wake mlongo, popeza malamulo mumawakonda.

Anaimirira kulunjika ku chipinda, mwina kuti tikakambirane ana asamve. Anapeza loko. Ndinati kwathu mwamuna salowa ku chipinda cha mlongo wake, ngakhale kusuzumira, mukudziwa inu. Anafunsa kuti mpaka liti. Ndinati mpaka mayi Marleen amve kuchokera kwa inu, pa pepala, ndi dzanja lomwe linalemba timapepalati. AnyaGondwe adzandiwerengera musanamate.

Ati, "Ukufuna tife ndi njala?" Mwina maoda adzathadi. Ndaganiza zimenezo tsiku lonse, ndipo mantha ndili nawo, ndisaname. Dongo ndi langa lomwe limene lidzasowe wogula.

Ku Area 23 sangabwerere, si tsiku lake, ndipo akafotokoza kuti chiyani. Mapanga awiri avumbwitsa.

Chambo ndaphika ndi tomato wambiri. Adya pabalaza okha, ndawathirira madzi osamba m'manja, ndachotsa mbale. Mlongo amaphikira mchimwene wake, palibe choletsa.

Pano ndili mkati. Dzuwa silinalowe n'komwe, ana akusewera panja, chigayo chikulira. Iwo ali pa mpando, ndikuwamva akutsokomola. Apempha Raisa bolopeni, kenako ati basi isiye. Kenako apemphanso.

Zaka makumi awiri ndi zitatu sindinatsekepo chitseko ichi iwo ali kunja kwake. Kiyi ndamangirira pa chingwe cha m'chiuno, kuti dzanja langa lomwe lingandipusitsenso.